Anti Buleki ndi Duwa ya Makolo Osalankhulana

Ophunzira ake onse amamutcha Anti Buleki, ndipo dzinali sanachite kulipempha. Linabwera lokha chifukwa cha pakamwa pake. Ntchito yake ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndiye tsiku lonse amakhala pambali pa wophunzira m'kagalimoto koyera kokhala ndi chikwangwani padenga, mpango atamanga bwinobwino pansi pa chibwano, akukuwa mawu amodzimodzi: "Buleki! Ndati buleki, osati mafuta!" Mawu ake ndi aakulu moti tsiku lina bambo wina wodutsa pa njinga, yemwe nkhaniyo sinkamukhudza n'komwe, anamva kukuwako n'kugwira mabuleki a njinga yake mpaka kugwera m'ngalande. Buleki anatsika, anamudzutsa, anamusasa fumbi, ndipo sipanapite nthawi bamboyo anabwera kudzayamba maphunziro.

Buleki anabadwa yekha m'mimba mwa mayi ake. Bambo anali dalaivala wa lole, Mayi anali telala wosoka madiresi ndi mayunifolomu. Awiriwa anakondana mothamanga, anakwatirana mothamanga, kenako anayamba kukangana mofatsa ngati anthu oti alibe kwina kopita. Ankakangana za mchere, za zenera, za amene wasiya sopo m'madzi. Bambo akabwera kuulendo atagula nsalu yobiriwira, Mayi ankati iwo amafuna yabuluu. Akagula yabuluu, Mayi ankafunsa kuti yobiriwirayo apatsa ndani. Mwana asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato, ukwati unatha. Bambo ananyamula sutikesi ndi wailesi n'kukakhala mbali ina ya tauni, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa sanalankhulanenso maso ndi maso. Chilichonse chinkadzera mwa mwana.

"Ukawauze bambo ako kuti nsapato zako zathina," Mayi ankatero.

"Ukawauze mayi ako kuti phazi la mwana silikula choncho, amakusankhira zazing'ono dala," Bambo ankayankha.

Mwanayo anaphunzira msanga kuchapa uthenga panjira. Akafika kwa Mayi ankangoti, "Akuti Loweruka tikagula zina."

Aliyense mwa makolowa anamupatsa chake. Bambo ankamukweza mu lole nthawi ya tchuthi, kumukhazika pa pilo kuti aziona kutsogolo, n'kumamutcha Kondakitala. Anamuphunzitsa kumvetsera injini ngati munthu amene akudandaula, ndipo asanamalize sukulu anali atadziwa kale kubweza lole chambuyo popanda kugunda mpanda wa munthu. Mayi anamupatsa mawu aakulu aja, komanso chizolowezi choswali, kupemphera kwa Chisilamu, nthawi ikakwana, ngakhale kasitomala ataima pakhomo ndi diresi la ukwati. Ndi Mayi omwewo amene ankamutumiza ku madrasa masana, ndipo kumeneko mwalimu anaphunzitsa ana duwa ya makolo, pempho limene mwana amapereka kwa Mulungu atatambasula manja, kuti bambo ndi mayi ake akhululukidwe ndi kuchitiridwa chifundo.

Ana ena anangoloweza. Buleki anakweza mkono.

"Mwalimu, nanga ngati makolowo salankhulana, duwa imodzi ikwana, kapena ndizipanga ziwiri?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Mwalimu anadikira kuti phokoso lithe.

"Imodzi yomweyo, mwana wanga. Osamvanawo ndi iwowo. Mulungu amawamva onse."

Kuyambira tsiku limenelo, akamaliza swala iliyonse ankanena mawu achiarabu amene anaphunzira aja, kenako n'kuwonjezera akeake: "Ya Allah, akhululukireni bambo anga ndi mayi anga. Amvereni chisoni, pakuti anavutika nane ndili kamwana kosatha kudzimina." Anakula nayo duwayi ngati mmene munthu amakulira ndi dzina lake.

Atakula anayamba ndi kuyendetsa kagalimoto kogawa buledi m'magolosale, kenako anapeza ntchito yophunzitsayi. Anakwatiwa ndi mmisiri wokonza mafiriji, munthu wofatsa moti anthu ankati anatengera kuzizira kwa ntchito yake. Aliyense ankangomuti Wamafiriji. Pa ukwati wawo wojambula zithunzi anatuluka thukuta, chifukwa Bambo akalowa pachithunzi Mayi ankapita kukaona ngati alendo adya, Mayi akabwera Bambo ankakumbukira kuti sanakhome lole. Mpaka lero pabalaza pali zithunzi ziwiri, china mkwatibwi ali ndi bambo ake, china ali ndi mayi ake, ndipo mkwati pazithunzi zonsezo akuoneka ngati munthu amene wangodziwa kumene zimene walowa.

Zaka zinayenda. Ana a Buleki anakula n'kuchoka pakhomo, ndipo zipinda ziwiri zinatsala zopanda anthu. Zipindazi zinali m'kanjira kopapatiza ka m'nyumba, zitseko zake zitayang'anizana. Kumapeto kwa kanjirako kunali zenera ndi kampata kokwana mkeka umodzi, ndipo pamenepo ndi pamene Buleki ankaswalira, poti kuchipinda kwake kunali kodzaza ndi mainjini a mafiriji amene mwamuna wake ankati akonza mawa.

Oyamba kubwera anali Bambo. Mkazi wawo wachiwiri anali atamwalira, ndipo maso awo anali atachita ng'ala. Buleki atapita kukawaona anawapeza akuthira madzi otentha m'chitini cha shuga, kapu ili poteropo, iwo akuimba mluzu mosadandaula. Tsiku lomwelo anawalongedzera sutikesi ndi wailesi.

Chaka chisanathe, Mayi anaterereka kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Kumene ankakhala kunali kokwera masitepe, pamwamba pa shopu yawo yosokera, ndipo adokotala anati masitepe aiwale. Madzulo ake Buleki anakhala pansi ndi mwamuna wake.

"Abambo, Mayi alibe kolowera. Ndikuganiza zowatenga."

Wamafiriji anayang'ana kudenga kwa nthawi ndithu.

"Apongozi aamuna ali kale muno," anatero.

"Ndikudziwa."

"Chabwino. Ndikagule chozimitsira moto."

Kuti asalakwitse, Buleki anakafunsa kwa shehe ngati n'zololedwa kuti anthu osudzulana akhale nyumba imodzi ya mwana wawo. Shehe anasisita ndevu n'kunena kuti chipembedzo sichikuletsa, bola aliyense akhale ndi chipinda chake ndipo azilemekezana ngati anthu apadera. Kenako anatsitsa mawu. "Koma chemwali, inuyo mtima wanu uli bwinobwino? Munapimitsa posachedwapa?"

Mayi anafika ndi ndodo yoyendera ndi makina awo osokera. Ataima pakhomo anakokera mpango wawo kutsogolo mpaka kubisa nsidze.

"Ndamva kuti muno muli mwamuna wachilendo," anatero mokweza.

Kuchokera m'chipinda munamveka mawu a Bambo: "Kondakitala, uwauze aneba kuti takulandirani."

Mayina anakhazikika pomwepo. Kwa Mayi, Bambo anali "mlendo uja". Kwa Bambo, Mayi anali "aneba". Zitseko zawo zinali pafupi moti wina akanatha kupatsira mnzake kapu osadzuka pampando, komabe uthenga unkadikira Buleki kuti aweruke kuntchito. Ankangoti akatsegula chitseko chakumaso, makiyi adakali m'manja, mbali zonse ziwiri zayamba.

"Uwauze alendowo kuti wailesi yawo ikundipweteketsa mutu."

"Uwauze aneba kuti makina awowo akumveka ngati thalakitala yopanda oyilo."

Panali mpando umodzi wa pakhonde umene dzuwa la m'mawa linkafikapo, ndipo onse ankaufuna. Wamafiriji anagula wachiwiri wofanana ndendende, koma onse anapitiriza kulimbirana woyamba uja, wachiwiriwo n'kumakhalapo mphaka.

Zonsezi Buleki ankazipirira, poti munthu wozolowera kukhala pambali pa anthu ofuna kugunda mitengo sachedwa kuzolowera china chilichonse. Chimene sanachiyembekezere chinali mlandu wa duwa. Vuto linali lakuti kunong'ona kwa Buleki n'kumene anthu ena amati kulankhula, ndipo mkeka wake unali pakati pa zitseko ziwiri zija. Tsiku lina akupinda mkekawo, Bambo anamuitana.

"Kondakitala, talowa. Ndakhala ndikumva ukundiphatikiza ndi aneba."

"Kukuphatikizani bwanji, Bambo?"

"Ukumati 'bambo anga ndi mayi anga', mpweya umodzi, osapumira n'komwe pakati. Ine ndinatuluka mu ukwati umenewo bwinobwino, anthu akuona. Ndiye iwe uzitikwatitsanso kasanu pa tsiku?"

Nthawi yomweyo chitseko china chija chinatseguka pang'ono.

"Mwana iwe, tabwera kuno. Ine langa ndi funso limodzi. N'chifukwa chiyani umayamba ndi iwowo? Anakubereka ndi iwo? Anatupa mapazi ndi iwo?"

Buleki anayesa kusinthanasinthana, swala ino kuyamba ndi Mayi, inayo kuyamba ndi Bambo. Sizinathandize, chifukwa swala za pa tsiku sizigawika pakati, ndiye wina ankatsala ndi yowonjezera ndipo mnzake ankadziwa. Anayesa kupatula, duwa ya Bambo payokha, ya Mayi payokha, n'kutsokomola pakati kuti malire aoneke. Kwa kanthawi kunali bata. Kenako Mayi anamukoka diresi akudutsa.

"Ya mlendoyo ikumatalika kuposa yanga."

Tsiku limenelo Buleki anali atatopa. Wophunzira wina anali atakwera naye pachilumba cha pakati pa msewu n'kuyamba kulira. Ndiye anangoyankha chimene chinabwera pakamwa.

"Mayi, Bambo ali ndi zambiri zoti akhululukidwe."

Nkhope ya Mayi inawala ngati ya mwana amene wapatsidwa switi.

"Apo ndiye wanena zoona. Usamafulumire, mwana wanga. Uziwapempherera mofatsa, usasiyeko kanthu."

Koma Bambo, ngakhale maso anali atafooka, makutu anali a dalaivala womva nati yomasuka lole ikuthamanga. Madzulo amenewo anakana tiyi, anakana buledi, n'kunena kuti munthu wamachimo ambiri sayenera kudya za anthu oyera. Buleki anachita kugwada pafupi ndi bedi lawo n'kupepesa mpaka anavomera kapu imodzi, ya shuga wambiri.

Wamafiriji, amene nthawi zambiri pa nkhani zoterezi ankalowetsa mutu m'firiji ya munthu, anapereka nzeru. "Bwanji uzipemphera chamumtima? Mulungu safuna sipika." Buleki anayesa. Sipanathe masiku, zitseko zonse ziwiri zinamuitana.

"Kondakitala, wasiya kutipempherera?"

"Mwana iwe, takulakwira chiyani?"

Aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane pa chinthu chimodzi chichokereni sutikesi ija.

Zinthu zinafika pachimake tsiku limene Bambo ankapita ku opaleshoni ya maso. Zinangochitika kuti Mayi nawonso anauzidwa kukaonetsa chiuno chawo tsiku lomwelo, kuchipatala chomwecho. Galimoto inalipo imodzi, yophunzitsira ija. Galimoto zoterezi zimakhala ndi buleki yachiwiri pansi pa mpando wa mphunzitsi, kuti wophunzira akasokonezeka mphunzitsi aziimitsa yekha. Buleki anakhala pachiwongolero. Bambo anakhala kutsogolo, pampando wa mphunzitsiwo, ati chifukwa miyendo yawo ndi yaitali. Mayi anakhala kumbuyo, ndodo ataigoneka pamiyendo.

Asanatuluke n'komwe pageti, maphunziro anayamba.

"Giya imeneyo wachedwa kusintha," anatero Bambo, khutu atalozetsa ku injini.

"Uwauze alendowo kuti amene akuona msewu ndi iweyo," anatero Mayi. "Samala mwana uyo. Samala galu uyo. Ukuthamangira chiyani, kuchipatalako akugawa mphatso?"

Anafika pamphambano yaikulu ya pakati pa tauni, magetsi anayaka obiriwira, ndipo analowa bwinobwino. Ali pakatikati, Mayi anaona basi ikubwera chapatali, kutali moti dalaivala wake akanatha kuima n'kumwa tiyi asanawapeze.

"Basi iyo! Tafa!"

Bambo sanaone basi, sanaone kanthu. Koma phazi limene linayendetsa lole moyo wonse silifunsa. Linaponda pansi ndi mphamvu zonse, ndipo pansipo panali buleki yeniyeni. Galimoto inaima njii, injini inazima, mpango wa Mayi unagwera kumaso, ndodo yawo inauluka n'kukagogoda Bambo pankhongo. Mbali zonse mahutala anayamba kulira.

"Uwauze aneba kuti andimenya ndi ndodo!"

"Uwauze alendowo kuti afuna kutipha!"

"Uwauze kuti amene wakuwa ndi iwowo!"

"Uwauze kuti munthu wosaona asamagwire za galimoto!"

Buleki anayang'ana kiyi, anayang'ana msewu. Anali mayi wa ana akuluakulu, wa imvi zake pansi pa mpango, koma pa nthawi imeneyo anadziona ali kamtsikana ka nsapato zothina kakuyenda pakati pa nyumba ziwiri. Anasiya chiwongolero, anatambasula manja, ndipo ulendo uno sananong'one.

"Ya Allah, awa ndi makolo anga. Onse awiri, m'galimoto imodzi, mu duwa imodzi, ndipo sindisinthanso. Sindinawasankhe, munandipatsa ndinu, ndipo ndikuthokoza. Akhululukireni zimene analakwira Inu. Akhululukireni zimene analakwirana, zimene ndikuzidziwa ndi zimene sindikuzidziwa. Achitireni chifundo, akalamba, akuopa, ndipo sadziwa kunena kuti akuopa. Ine mundiwonjezere kuleza mtima, chifukwa kumene munandipatsa kuja kwatsala pang'ono kutha."

Wapolisi wapamsewu anali atabwera mothamanga, wezulo ili kukamwa. Atasuzumira pazenera n'kuona mayi atatambasula manja, misozi ili mbwee, ndi nkhalamba ziwiri zitazolika, anachotsa wezulo ija, anadikira kuti amalize, n'kunena kuti, "Ameni, mayi. Tsopano tingasuntheko?"

Buleki anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Bambo, chotsani phazi pamenepo."

Phazi linachoka. Njira yonse yotsala palibe anatsegula pakamwa, kupatula Mayi amene pafupi ndi geti la chipatala anang'ung'udza kuti, "Koma basiyo inalipo."

Opaleshoni inayenda bwino. Bambo anabwerera kunyumba atamatidwa thonje m'maso, ndipo anauzidwa kuti agone chagada masiku angapo, osawerama, osanyamula kanthu. Munthu wozolowera kulimbirana mpando wa pakhonde anapezeka ali phee pabedi, alibe chochita koma kuganiza.

Tsiku lina masana Buleki anabwera kudzadya, wophunzira wake atalephera kufika. Anavula nsapato pakhomo kuti asadzutse odwala. Ali m'kanjira kaja anamva Bambo akulankhula okha motsitsa. Anatchera khutu. Inali duwa ya makolo, ya chiarabu ija, ndipo sankapempherera wina koma bambo ndi mayi awo, amene anamwalira Buleki ali wamng'ono. Zaka za pamsewu zinali zitawadyera mawu ena. Ankayamba bwino, kufika pakati n'kuima. Ankayambiranso, kufika pomwepo n'kuimanso, ngati galimoto yokanika pachitunda.

Kenako, kuchokera kuseri kwa chitseko chinacho, Mayi anatchula mawu osowawo. Sanati "uwauze". Anangowatchula, momveka bwino, ngati akuphunzitsa mwana.

Buleki anaima nsapato zili m'manja.

Bambo anabwereza mawuwo. Mayi anatchula otsatira. Bambo anabwereza. Anapita choncho mpaka kumapeto, ndipo onse awiri anati amini.

Patapita kanthawi Mayi anati, "Mayi anu aja anali munthu. Ndi amene anandiphunzitsa kudula kolala."

"Ankakukondani kuposa ine," anatero Bambo.

"Ndani akanapanda kutero?"

Buleki anabwerera chambuyo mwakachetechete mpaka kukhitchini, kumene anapeza mwamuna wake akudya chiimire.

"Kwagwanji? Nkhope yako ili ngati waona mzukwa."

"Akulankhulana."

Wamafiriji anaika supuni pansi. "Ndiitane ambulansi?"

Tsiku lochotsa thonje, Bambo anayendayenda m'nyumba monse ngati mlendo weniweni. Anadabwa kuti makatani ndi achikasu, kuti mpongozi wawo ali ndi dazi, kuti mphaka amene ankamuopseza ndi ndodo ndi kanthu kakang'ono kokongola. Pobwerera kuchipinda anakumana ndi Mayi m'kanjira kaja. Anaima, anawayang'ana kuyambira kumpango mpaka kundodo.

"Aneba," anatero modabwa zenizeni, "mwakalamba."

"Inu mumayesa mwasanduka mnyamata? Galasi lili kubafako, kadzioneni, koma mugwirire khoma."

Bambo anapita. Anakhalako nthawi ndithu. Potuluka anangoti, "Adokotala aja awonjeza mphamvu ya masowa."

Asaname munthu kuti awiriwa anasanduka mabwenzi. Sanasiye kukangana, anangosiya kudzera mwa mwana. Tsopano za wailesi, za makina, za mpando wa pakhonde ankauzana okha, zitseko zili zotsegula, ndipo Buleki akaweruka ankadutsa pakati pawo ngati munthu wodutsa pamsika, kupita kukavula nsapato. Anauza mwamuna wake kuti akumva ngati wapuma pa ntchito imene anaiyamba asanamere mano. Nthawi zina ankawapeza pakhonde, wina pampando wolimbirana uja, wina pa wamphaka, akutsutsana za mtundu wa diresi limene Mayi anavala tsiku limene anakumana koyamba. Mayi ankasokerera mabatani a malaya a Bambo uku akunena kuti sakuchitira iwo, akuchitira ulemu wa nyumba ya mwana wawo. Bambo ankawalowetsera ulusi pasingano, poti maso atsopano anali awo, uku akunena kuti telala wosaona bowo la singano ndi wofunika kumulanda makina. Za duwa palibe anadandaulanso. Buleki akatambasula manja pamkeka paja, wailesi inkatsitsidwa mbali ina, makina ankaima mbali inayo.

Anakhala choncho zaka zingapo. Kenako nyengo ina yozizira Bambo anayamba chifuwa chimene sichinamve mankhwala. Sanadwale nthawi yaitali. M'mawa wina Buleki akuwapukuta kumaso, Bambo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Kondakitala, wayendetsa bwino." Dzuwa lisanafike pakhonde anali atapita.

Maliro atatha, alendo atabalalika, Buleki anapeza Mayi atakhala kukhitchini, tiyi atazizira m'kapu. Anakhala nawo pafupi. Mayi anayamba kulankhula osamuyang'ana.

"Uli khanda unadwala malungo mpaka kukomoka. Kunali chimvula, ndipo mlatho wopita kuchipatala unali utamira. Bambo ako anali ndi simenti ya eni ake mu lole. Anatikweza, tinafika pamtsinje, lole sikanatha kuwoloka. Anaisiya pomwepo, simenti ikunyowa, anakuika m'kati mwa jekete lawo n'kulowa m'madzi. Madzi ankawafika m'chifuwa. Ine ndinawagwira lamba kumbuyo, ndikukuwa kuti akunyamula mwana ngati thumba. Iwo akukuwa kuti ndikuwakoka, tigwa tonse. Tinakangana kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo." Anaseka pang'ono, kenako anapukuta mphuno. "Ntchito inawathera pa simenti imeneyo. Koma iwe sunanyowe ngakhale chala."

Buleki anali asanaimvepo nkhaniyi. Moyo wake wonse ankanena kuti makolo ake anavutika naye ali kamwana, koma ankangonena poti ndi mmene duwa imanenedwera. Analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira pamaliro, Mayi akumusisita pamsana n'kumamuuza kuti asiye, atupa maso, mawa ophunzira adzathawa.

Duwayo amaipangabe mpaka lero, pamkeka womwe uja, mokweza ngati kale. Wina mwa awiriwo ali m'manda, wina ali kuseri kwa chitseko akusoka, ndipo iye amawatchula limodzi.

Mayi sanakonde kutsala okha masana m'nyumba ya zii. Anayamba kumakwera nawo m'galimoto yophunzitsira, kumbuyo, ati kukapitidwa mphepo. Ophunzira poyamba ankaopa, kenako anawazolowera, ena mpaka kumafunsa kuti, "Lero Agogo sabwera?" Ankawauza amene akugwira chiwongolero ngati akukama ng'ombe, amene malaya ake anasokedwa mokhota, ndi amene ayenera kukwatira msanga. Namwino wina amene analephera mayeso kambirimbiri anakhoza atauzidwa ndi Mayi kuti asiye kupepesa galimoto iliyonse imene wakumana nayo.

Ndiye tsiku lina akubwerera kunyumba, Mayi anagogoda mpando wakutsogolo ndi ndodo.

"Mwana iwe, ine ndaonera mokwanira. Palibe chovuta apa. Ndikufuna undiphunzitse."

Buleki anaseka mpaka kutsokomola. Atayang'ana pagalasi anaona kuti Mayi sakuseka.

"Mayi, pa msinkhu wanuwu laisensi sangakupatseni."

"Ndani wanena za laisensi? Makina osokera ndawapalasa ndi phazi moyo wanga wonse. Ichi chili ndi mpando wofewa."

Lamlungu lotsatira m'mawa anapita pabwalo lina la mpira lopanda anthu, kuseri kwa mafakitale. Wamafiriji anapita nawo, koma anasankha kuonerera ataima kuseri kwa mtengo. Buleki anaika mapilo awiri pampando wa dalaivala, anawakhazika Mayi, anawamanga lamba, n'kuwasonyeza poponda. Galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima. Inadumphanso n'kuzima. Kenako inanyamuka, pang'onopang'ono, mu giya yoyamba, ikulira ngati ikudandaula, n'kuyamba kuzungulira bwalo lija. Mayi anagwira chiwongolero ndi manja onse, chibwano chili m'mwamba, mpango utasunthira kumbuyo, ndipo anayamba kuseka kuseka kwa kamtsikana kumene Buleki anali asanakumvepo.

Kutsogolo kwawo, pafupi ndi golo, mbuzi za eni ake zinkadya udzu mosatekeseka.

"Hutala ili pati?" anafunsa Mayi.

"Pakati pa chiwongoleropo. Koma zili kutali, Mayi, palibe chifukwa."

Mayi anaisindikiza ndi chikhatho chonse. Mbuzi zinabalalika, Wamafiriji anabisa mutu kuseri kwa mtengo, ndipo Mayi anakhotetsa galimoto kuti azungulirenso.